Fodya wako ndi wa pamphuno: kasungidwe ka USDT, Bitcoin ndi NFT kuti mbava zisakulizeni

Ndalama zanga za pa intaneti zinapita chifukwa cha galasi la foni. Inagwa ndikutsika pa sacramento, kabaza wa njinga, ku Katoto kuno ku Mzuzu, galasi n'kusweka, ndipo ndinakaisiya kwa mnyamata wina wokonza mafoni m'tauni muno. Anandipempha nambala yotsegulira kuti akamaliza aone ngati galasi latsopanolo likumva chala, ine n'kumupatsa. M'foni munali chithunzi chimene ndinali nditachiiwala kalekale: mawu 12 achinsinsi a waleti yanga, app yosungira ndalamazo, amene ndinawajambula tsiku loitsegula chifukwa cha ulesi wofunafuna cholembera. Foni ndinakaitenga ili bwinobwino. Patatha masiku atatu, USDT yonse imene ndinkasunga, ndalama ya pa intaneti imene mtengo wake umatsatira dola ya ku America, inali itasamuka. Kaya anali mnyamatayo, kaya mnzake amene ankakhala naye pa benchi, pano zilibenso ntchito. Palibe anathyola makina aliwonse. Makiyi ndinapereka ndekha.

Kuchokera pamene ndalama zakunja zinayamba kuvuta m'mabanki, kwacha n'kugwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, dzina la USDT lafika pakamwa pa anthu amene kale analibe nazo ntchito. Ndakumana ndi amayi a geni opita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam akuifunsa, anyamata oitanitsa mafoni ku China, ophunzira a ku Mzuni amene amagwirira anthu akunja timaganyu ta pa kompyuta, ndi ena olandira thandizo kwa abale a ku Joni. Ambiri amadziwa kugula ndi kugulitsa. Kusunga ndiye kumene timagwera.

Dziwiranitu kuti zikapita, kuzibweza n'kovuta kwambiri. Mu May 2019 Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti ndalama za crypto, monga USDT ndi Bitcoin, si ndalama zovomerezeka ndi lamulo m'dziko muno. Ndiponso mukalakwitsa nambala pa Mpamba kapena pa Airtel Money, mumaimbira kampani ndipo mwina zimabwezedwa. Pa blockchain, kaundula wa pa intaneti momwe ndalamazi zimalembedwa, madzi akatayika saoleka.

Choyamba, dziwani kumene ndalama zanu zagona

Malo alipo awiri. Oyamba ndi misika ya pa intaneti monga Binance, Bybit ndi Coinbase, kumene mumatsegula akaunti ndi imelo komanso chiphaso, makiyi n'kukhala m'manja mwa kampani. Manambala amene mumaona pa foni ndi lonjezo lawo loti ndalama zanu ali nazo. Achiwiri ndi waleti yanuyanu, monga Trust Wallet, MetaMask, kapena BlueWallet ya Bitcoin, imene makiyi ake ali kwa inu nokha.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama zogona kumsika ndi fodya wa pachala. Msika wa Mt. Gox wa ku Tokyo unagwa mu 2014 utasowetsa Bitcoin pafupifupi 850,000. FTX inagwa mu November 2022, ndipo mwini wake, Sam Bankman-Fried, anamulamula kukaseweza zaka 25. Mu February 2025 mbava zinatulutsa ndalama zokwana pafupifupi madola 1.5 biliyoni ku Bybit. Kampaniyo inatseka dzenjelo yokha, koma si onse amene angakwanitse zimenezo.

Komabe musathamangire kusamutsa zonse usiku uno. Waleti yanuyanu ilibe batani la munthu woiwala. Ine ndimachita chonchi: ndalama za geni, zimene zilowa lero n'kutuluka sabata yomweyi, zimakhala kumsika wotsekedwa bwino. Zosunga miyezi zimapita ku waleti yanga.

Konzani foni musanatsegule waleti

Tili ndi chizolowezi cholandirana ma app pa Xender kapena SHAREit pofuna kupulumutsa bandulo. Pa masewera chitani, koma waleti ayi. Ikokeni nokha ku Play Store kapena App Store, ndipo muyambire pa tsamba lenileni la kampaniyo n'kutsatira linki yake, chifukwa ma waleti abodza akhala akupezeka ngakhale m'masitolo amenewa. Onani dzina la amene anapanga app, ndi chiwerengero cha anthu amene anaikoka.

Kenako sesani m'foni. GBWhatsApp ndi abale ake, ma app oonera mpira ulere, ma app olonjeza bandulo yaulere, zonsezo chotsani. Ena mwa iwo amawerenga zithunzi ndi chilichonse chimene mwakopera. Mu February 2025 a Kaspersky anaulula pulogalamu yoipa yotchedwa SparkCat, imene inkabisala m'ma app ooneka abwinobwino n'kumafufuza m'zithunzi za anthu mawu a waleti. Chimene anandichita munthu pa benchi, makina amachita okha.

Foni itsekedwe ndi manambala 6 kapena kuposa, osati chaka chanu chobadwa. Kujambula L kapena Z ndi chala, wokhala nanu pampando m'minibasi ya ku Luwinga amaona kamodzi n'kugwira. Magetsi akazima n'kukachajitsa ku babashopu, izimitseni kaye. Ikafuna kukonzedwa, chotsani waleti musanaipereke, mawu anu ali kale papepala, ndipo nambala yotsegulira musapereke. Mukayese nokha galasilo pokaitenga. Amene ali ndi mpata agule kafoni kena kotsika mtengo, kopanda SIM, kopanda Facebook, kongokhala kunyumba chifukwa cha waleti basi.

Mawu 12 aja

Apa ndichedwapo, chifukwa zina zonse n'zothandizira chabe.

Ndalama zanu sizili m'foni. Zili m'kaundula uja wa blockchain, amene makompyuta masauzande ambiri pa dziko lonse akusunga mofanana. Mukatsegula waleti, app imasankha mawu 12 kapena 24 kuchokera pa mndandanda wa mawu a Chingerezi 2,048, ndipo makiyi anu onse amawerengedwa kuchokera pa mawuwo. Foni ikabedwa ku depoti, mumagula ina, kulowetsa mawu aja, ndalama n'kuonekera zonse. Koma nayenso munthu amene ali kutsidya la nyanja, amene sanaigwirepo foni yanu, akangowapeza amachita chimodzimodzi. Makina sadziwa nkhope. Amene ali ndi mawu ndiye mwini ndalama.

Choncho potsegula khalani nokha, chitseko chotseka. Osatsegulira m'shopu momwe muli kamera, kapena pagulu la anzanu. Ngati waleti imene muli nayo pano anakutsegulirani munthu wina, kaya ndi mlamu wanu, kaya mwana wa achemwali anu amene amadziwa za makompyuta, dziwani kuti waletiyo ndi ya anthu awiri. Tsegulani ina nokha n'kusamutsa. Simukumuganizira zoipa. Foni yakeyo nayonso ikhoza kukagona pa benchi.

Lembani ndi bolopeni, malembo akuluakulu, mawu aliwonse ndi nambala yake kuyambira 1 mpaka 12, chifukwa ndondomeko yake ndi mbali ya makiyi. Chingerezi chili ndi mawu ofanana kwambiri, ndiye onani chilembo chimodzichimodzi pa foni ndi papepala. Lembani mapepala awiri. Musajambule. Musadzitumizire pa WhatsApp kapena pa imelo. Musasunge mu Notes kapena m'malo mwa dzina la munthu pa mndandanda wa manambala. Musakachite fotokope kapena kukamatitsa pulasitiki ku shopu ya mapepala. Mafoni ambiri amatumiza okha zithunzi ku Google Photos mwini osadziwa, ndiye chithunzi chimene munafufuta chaka chatha chikhoza kukhala chidakalipo. Ngati munajambulapo, kufufuta sikukwanira: tsegulani waleti yatsopano.

Tsopano posungira. Amene analemba malangizo ambiri a pa intaneti sanakhalepo ku Mzuzu. Kuno mvula siitha pamene yathera kwa anzathu ku Lilongwe, imawazabe mpaka nyengo yozizira, ndipo nkhungu imagwira ngakhale nsapato za pansi pa bedi. Pepala losiyidwa m'sutukesi limanyowa, inki n'kuyenda. Chiswe nachonso sichisankha. Likulungeni m'jumbo, liikeni m'botolo lotseka mwamphamvu, lokhala pamwamba osati pansi. Amene amakhala ku Chibavi ndi ku Masasa amadziwa zimene madzi amachita ndi makoma. Za moto tonse tikukumbuka laibulale ya ku Mzuni imene inapsa mu December 2015. N'chifukwa chake pepala lachiwiri lisakhale m'nyumba yomweyo. Liikeni mu envelopu yomata, musaine podutsa pomatapo kuti ikatsegulidwa mudziwe, n'kukaisiya kwina kodalirika, kaya kumudzi ku Ekwendeni kapena ku Rumphi.

Ndalama zikachuluka, chitsulo chimaposa pepala. Pezani kachitsulo kosachita dzimbiri ndi tizitsulo todindira malembo, mukhome nokha ndi hamala. Zilembo zinayi zoyambirira za mawu aliwonse zimakwanira, chifukwa pa mndandanda uja palibe mawu awiri oyamba ndi zilembo zinayi zofanana. Ndati nokha. Osapita nazo kwa owotcherera.

Musachenjere mopitirira. Ena amasintha ndondomeko ya mawu kuti asokoneze wakuba, n'kudzasokonezeka okha patatha zaka ziwiri. Ena amati asunga m'mutu. Malungo amodzi okha amakwanira. Anthu otaya okha makiyi ndi ambiri ngati oberedwa. James Howells wa ku Newport ku Wales anataya ku dzala hard drive yokhala ndi makiyi a Bitcoin pafupifupi 8,000 mu 2013, ndipo anatha zaka zoposa khumi akupempha chilolezo chokumba dzalalo osapatsidwa.

Musanaikemo ndalama zenizeni, yesani. Tumizani kangachepe, chotsani waletiyo m'foni, ikokeninso, mulowetse mawu kuchokera papepala. Kandalama kaja kakaonekera, mwalemba bwino. Kakapanda kuoneka, mwataya za kabaza basi.

Nthawi yokhayo yolowetsa mawuwa ndi imeneyi, pobwezeretsa waleti yanu mu app yeniyeni. Wogwira ntchito ku Trust Wallet kapena MetaMask sangakufunseni. Mukadandaula pa Facebook, X kapena Telegram kuti waleti ikuvuta, pasanathe mphindi zingapo wina wokhala ndi chizindikiro cha kampani adzakupezani ku inbox, waulemu kwambiri, n'kukupatsani linki yoti "validate" kapena "sync". Ndi wakuba. Amene munakumba ndalama ya crypto yotchedwa Pi pa foni zaka zonsezi, mawu anu 24 ndi chimodzimodzi. Kuyambira pamene Pi inatsegulidwa kuti izigulitsidwa mu February 2025, masamba olonjeza Pi yaulere mukalowetsa mawuwo achuluka pa Facebook.

Potumiza ndi polandira

USDT imayenda pa misewu ingapo, ndipo wotumiza ndi wolandira ayenera kugwirizana msewu. Adilesi ya pa Tron, imene amailemba TRC20, imayamba ndi T. Ya pa Ethereum ndi ya pa BNB Chain zonse zimayamba ndi 0x, ndipo apa ndi pamene anthu amasokoneza chifukwa zimafanana. Ya Bitcoin imayamba ndi bc1, 1 kapena 3. Funsani msewu musanatumize. Kumbukiraninso kusiya pang'ono ndalama ya msewu umenewo, TRX m'waleti ya Tron kapena ETH m'ya Ethereum, yolipirira ulendo, apo ayi USDT yanu idzangokhala osasuntha.

Mukamata adilesi, iwerengeninso. Pali mapulogalamu oipa amene amasintha adilesi imene mwakopera n'kuikapo ya wakuba. Palinso msampha wina wochenjera: wakuba amapanga adilesi yofanana koyambirira ndi kothera ndi ya munthu amene mumamutumizira kawirikawiri, n'kukutumizirani kandalama kosathandiza kuti adilesi yakeyo ilowe m'mbiri ya waleti yanu. Tsiku lotsatira inu mukopera pamenepo. Mu May 2024 munthu wina anatumiza ndalama zoposa madola 60 miliyoni kwa wakuba mwa njira imeneyi. Musakopere adilesi kuchokera m'mbiri. Isungeni pa mndandanda wa waleti ndi dzina la mwini wake, ndipo powerenga muone ndi zapakati pomwe. Ndalama zikakhala zambiri, tsogozani dola imodzi, wolandirayo atsimikize, zotsalazo zitsatire.

Akaunti ya kumsika ndi SIM yanu

Khomo la akaunti ndi imelo, ndipo khomo la imelo nthawi zambiri ndi nambala ya foni. Wakuba akakwanitsa kusamutsira nambala yanu pa SIM ina, mauthenga onse otsimikizira amapita kwa iye. Netiweki ikasowa mwadzidzidzi pamene a nyumba yoyandikana nayo ali nayo, musadikire mawa, pitani ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso chanu.

Tsegulani imelo yapadera ya crypto yokha, yosadziwika kwa aliyense, ndi mawu achinsinsi amene simunawagwiritsepo kwina. Chotsani kutsimikizira kwa pa SMS, muike Google Authenticator kapena Aegis, imene imatulutsa manambala 6 osintha pa masekondi 30 aliwonse. Poiika imakupatsani makiyi obwezeretsera. Alembeni papepala lina. Ku Binance ndi misika ina kuli malo olembetsa ma adilesi okhawo ololedwa kulandira ndalama zanu. Yatsani zimenezo. Kulinso mawu amene mumasankha kuti azioneka mu imelo iliyonse yochokera kwa iwo, kuti yabodza muziizindikira. SIM nayo ikhale ndi PIN, ndipo WhatsApp ikhale ndi manambala ake 6 otsimikizira kawiri, chifukwa akaiba WhatsApp yanu amakapempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Pogula kwa munthu

Ambiri kuno timagula ndi kugulitsa pamanja, wina atumiza kwacha pa foni, wina USDT. Ngati msika umene mukugwiritsa ntchito uli ndi njira yogwirizira ndalama pakati mpaka onse awiri atakhutira, khalani momwemo. Wokuuzani kuti tiyeni tikamalizire pa WhatsApp, ndikupatsani mtengo wabwino, akukuchotsani pamene pali mboni.

Pogulitsa, uthenga wa SMS kapena chithunzi cha risiti si ndalama. Imbani *211# kapena *444#, kapena lowani mu app ya banki, muone nokha kuti zalowa. Dzina la wotumiza lifanane ndi la amene mukuchita naye malonda. Likasiyana, bwezani, chifukwa pamakhala pena wakuba wanamiza munthu wachitatu kuti atumize ndalama ku nambala yanu, iye n'kutenga USDT, ndipo apolisi akamadzafufuza nambala imene idzaoneke ndi yanu. Pogula, onani pa Tronscan kapena Etherscan, masamba oonetsa maulendo a ndalama pa Tron ndi pa Ethereum, kuti zafikadi, ndipo kuti tokeniyo, ndalama imene mwalandira, ndi ya Tether yeniyeni, kampani yopanga USDT. Aliyense akhoza kupanga tokeni n'kuitcha USDT. Zimene ena amatsatsa kuti "flash USDT" ndi mphepo yeniyeni. Mukakumana pamaso, pakhale poyera, masana, ndipo musapite nokha.

NFT ndi nkhani ya kusaina

NFT ndi chizindikiro cha pa blockchain chosonyeza kuti chithunzi, khadi ya masewera kapena chinthu china chotero ndi chanu. Zinatchuka mu March 2021 pamene ntchito ya wojambula wotchedwa Beeple inagulidwa madola 69 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Christie's. Mitengo ya zambiri inagwa kuchokera nthawi imeneyo, koma kabedwe kake n'kofunika kukamvetsa ngakhale mulibe NFT, chifukwa ndi komwekonso amabera USDT.

Wakuba uyu safuna mawu 12. Amafuna siginecha yanu. Mukalumikiza waleti ku tsamba lina, tsambalo limakupemphani kuvomereza. Zilolezo zina n'zongotsimikiza kuti waletiyo ndi yanu. Zina zimapatsa tsambalo mphamvu yotulutsa matokeni anu mopanda malire, kapena NFT zonse za mtundu umodzi. Mukaona mawu oti "setApprovalForAll", "Approve" kapena "Permit" pamene inu mumangofuna kulandira mphatso, kanani. Zili ngati kusainira munthu cheke chopanda manambala. Sadzatenga lero mwina, chilolezocho chimakhalabe mpaka mutachichotsa.

Linki yoipa imabweranso kudzera kwa amene mumawakhulupirira. Mu April 2022 akaunti ya Instagram ya Bored Ape Yacht Club, mtundu wotchuka wa NFT, inalandidwa, mbava n'kuikapo linki ya mphatso yabodza, ndipo anthu anataya NFT zawo podina pa tsamba limene ankalidziwa. Mwezi wotsatira katswiri wa zisudzo Seth Green anaberedwa zake zinayi pa tsamba labodza. Masamba amene mumagwiritsa ntchito asungeni mu browser yanu, muzilowera pamenepo, osati pa zotsatsa zimene zimabwera pamwamba mukafufuza pa Google.

Mankhwala ake ndi kugawa. Waleti imodzi ikhale nkhokwe: siilumikizidwa ku tsamba lililonse, imangolandira ndi kutumiza. Ina ikhale ya m'thumba, ya malonda a tsiku ndi tsiku. Yachitatu ikhale yotayika, yoyesera ma airdrop, mphatso za matokeni aulere, ndi timasewera ta pa Telegram, yokhala ndi ndalama zimene zitapita simungalephere kugona. Iliyonse ikhale ndi mawu akeake, chifukwa maakaunti atatu otuluka m'mawu amodzi ndi zipinda zitatu za khomo limodzi. Kamodzi pa mwezi lowani pa Revoke.cash kapena pa tsamba la zilolezo la Etherscan, muchotse zilolezo zakale. Tokeni kapena NFT yongofika yokha m'waleti, yokhala ndi dzina la tsamba loti mukatengereko mphoto, isiyeni pomwepo, osaigwira.

Ojambula ndi osema a ku Nkhata Bay ndi a muno m'tauni, msampha wanu ndi wina. Mlendo amakulemberani pa Instagram kuti wakonda ntchito zanu ndipo agula zitatu ngati NFT pa mtengo wodabwitsa, koma mukalembetse pa tsamba limene iye akupatseni n'kulipira kaye kandalama kolembetsera. Mukalipira, tsambalo limaonetsa kuti zagulidwa, koma kuti mutulutse ndalamazo pakufunika msonkho wina. Wogula kulibe, tsambalo ndi lake.

Nkhokwe ikakula kufika poti kuitaya kungagwetse banja, ganizirani kachipangizo kosungira makiyi monga Ledger kapena Trezor, kamene makiyi satulukamo ndipo kamakuonetsani adilesi pa galasi lake musanavomereze. Kagulidwe ku kampani yeniyeni kapena kwa wogulitsa wolembedwa pa tsamba lawo, osati kogwiritsidwa kale ntchito. Kakabwera ndi mawu olembedwa kale m'bokosi, winawake ali nawo. Kachipangizoka sikakutetezani mukasaina nokha chilolezo choipa.

Za phindu la tsiku ndi tsiku

Izi sizifuna luso la makompyuta, zimafuna masamu a ku pulayimale. Wokulonjezani 2 peresenti tsiku lililonse akunena kuti K100,000 yanu, phindu likamabwereranso momwemo, ikhala yoposa K137 miliyoni pakutha pa chaka. Munthu wokhala ndi makina otero sangabwereke holo kuti akupempheni K50,000 yolowera. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mirror Trading International ya Johann Steynberg ku South Africa inkati ili ndi roboti yochita malonda. Inagwa mu December 2020 itatolera Bitcoin ya ndalama zoposa madola 1.7 biliyoni. OneCoin ya Ruja Ignatova inalibe n'komwe blockchain, ndipo mayiyo anasowa mu 2017. CBEX inaliza anthu ku Nigeria mu April 2025. Maina amasintha, kavinidwe n'kamodzi: oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, pamakhala bonasi mukabweretsa anzanu, kenako kutulutsa ndalama kumayamba kuvuta ndipo amati lipirani kena kake kuti akutsegulireni. Choipa kwambiri n'choti wokuitanani amakhala wa kutchalitchi kwanu kapena wa ku banki mkhonde, amene walandiradi kawiri ndipo sakunama. Ndalama za gulu zisalowe m'zimenezi ngakhale pang'ono.

Winanso ndi chibwenzi cha pa intaneti chimene chimacheza nanu masabata, osapempha kanthu, kenako n'kukuonetsani app imene amalume ake amapangira ndalama. Ndipo mukaona munthu walemba poyera mawu 12 a waleti yodzaza USDT, akuti thandizeni kutulutsa, musaone ngati mwatola. Mukatumizamo TRX yolipirira ulendo, imasesedwa nthawi yomweyo.

Pakamwa napo pamabetsa. Mzuzu ndi waung'ono, mukanena ku Chiputula madzulo, m'mawa zamveka ku Zolozolo. Mu January 2025 David Balland, mmodzi mwa amene anayambitsa Ledger, anagwidwa ndi achifwamba ku France, n'kumudula chala pofuna dipo. Zithunzi za ndalama zanu pa status zilekeni. Foni yoyenda nayo ikhale ndi waleti ya m'thumba yokha.

Zikachitika

Liwiro ndi limene lingapulumutse zotsala. Ngati mawu aululika, tsegulani waleti yatsopano pa foni ina yoyera, musamutse chilichonse chotsala, kuyambira chodula kwambiri. Waleti yakaleyo yafa, musadzalandirirenso pamenepo. Ngati munasaina chilolezo choipa, chichotseni msanga n'kusamutsabe. Ngati ndi akaunti ya kumsika, iimitseni kudzera mu app yeniyeni, musinthe mawu achinsinsi a imelo.

Kenako sonkhanitsani umboni: nambala ya ulendo wa ndalamazo imene imaoneka pa Tronscan kapena Etherscan, adilesi ya wakuba, nambala za foni, macheza onse. Kanene ku polisi, ku nthambi yoona za chinyengo pa ndalama, ndipo mutenge lipoti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudza milandu ya pa intaneti. Ngati kwacha inadutsa pa Mpamba kapena Airtel Money, dziwitsaninso kampaniyo tsiku lomwelo. Lipoti la polisi lili ndi ntchito: misika ikuluikulu imatha kuimitsa ndalama zakuba zikafika kwa iwo, ndipo Tether imatha kuumitsa USDT pa adilesi ikapemphedwa ndi achitetezo. Sizichitika kawirikawiri pa ndalama zochepa, zanga sizinabwerere, koma popanda lipoti palibe angayambe n'komwe.

Mukangodandaula poyera, adzabwera ena odzitcha akatswiri obweza ndalama zobedwa, ofuna kaye malipiro a ntchito kapena mawu a waleti. Kawirikawiri ndi omwe aja, abwerera kudzakunkha.

Chotsala ndi chimene sitikonda kukamba. Mukamwalira mawu ali obisika kwa aliyense, ndalamazo zapita nanu, ndipo ngakhale khoti silingazitulutse. Lembani kalata yosavuta, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, yonena kuti muli ndi waleti yanji, app yake ndi iti, ndipo botolo lili pati. Mawu 12 asakhale m'kalatamo. Muuzemonso wowerengayo kuti asapatse mawuwo munthu aliyense wodzipereka kuthandiza, koma akhale naye pambali, alowetse yekha. Sankhani munthu mmodzi, mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wamkulu, mukhale naye pansi tsiku lina, mutsegule waleti yoyesera ya dola imodzi, aichotse n'kuibwezeretsa ndi manja ake mpaka azolowere.

Ndipo chaka chilichonse mvula ikatha, cha mu July, tsitsani botolo lija, mutsegule muli nokha, muone ngati mawu onse 12 akuwerengekabe. Inki ikayamba kufufuma, lembani pepala latsopano, muyerekeze chilembo ndi chilembo, lakalelo muotche pa mbaula.